Opaleshoni ya nsagwada ya m'mwamba, fupa logwira mano limatsala bwanji?

Wobisa dzina: A admin ndibiseni chonde, azibale anga ali mommuno. Ndine mtsikana wa zaka 27 ndimakhala ku Joni. Chibadwire mano anga apansi amatsogola, nsagwada ya m'mwamba inatsalira m'mbuyo moti chimanga chootcha ndimachita kulumira cham'mbali, maina amene ankanditcha kusukulu sindinena pano. Ndavala ma braces, timawaya toongola mano tija, chaka ndi miyezi inayi, pano akuti yakwana nthawi ya opaleshoni yomwe amati Le Fort 1, adula nsagwadayo pamwamba pa mizu ya mano nkuikokera kutsogolo nkumanga ndi tizitsulo ta titanium. Zimenezo ndinavomera kale. Chandisowetsa tulo ndi sikani ya sabata yatha, adokotala akuti fupa logwira mano akutsogolo ndi lopyapyala, komanso poti nsagwadayo ndi yopapatiza akufuna aidule patatu kuti aitambasule, ndiye kudulako kudutsa pakati pa mano. Amene munapangidwapo ndithandizeni, fupa la podulapo linabwerera? Mano sakugwedera? Ndisakakonze nkhope nkutsala ndi nkhama zokhazokha ndisanafike 40.

Gogo wa mapasa: Mwanangu Mulungu anakulenga bwinobwino, zodulana mafupa zisiye.

Wobisa dzina: Agogo si za kukongola zokha ayi, kutafuna kumene kumandivuta.

Mlongo wa ku Manchester: Ine anandipanga kunoko, patatunso ngati iweyo. Masabata sikisi ndinali wa phala, yogati ndi supu basi, nsima ndimangoiyang'ana ena akudya. Mlomo wa m'mwamba unachita dzanzi miyezi ingapo kenako unabwerera. Mano sakugwedera olo limodzi. Koma ndisakunamize, pamene anadula paja nkhama zinatsika pang'ono pakatsala kampata kakuda pakati pa mano, masamba amakakamira pompo daily, ndipo dzino limodzi linayamba kuda mtundu mpaka anandipanga root canal, kuchotsa mtsempha wa m'kati mwa dzinolo. Ukandifunsa ngati ndingabwerezenso, eya.

Wa ku dental: Achemwali ine sindipanga maopaleshoni amenewa, ndimangotsuka ndi kuzula, koma mvetserani. Anthu amaopa kudulako chonsecho fupa limathanso kupyapyala ndi ma braces omwewo, dzino akalikankhira kunja kwambiri muzu umafika m'mphepete mwa fupa, nkhama nkuyamba kuthawa. Podula paja fupa limalumikizana bola magazi azifika bwino, koma lija la m'khosi mwa dzino likatsika silimeranso lokha. Ndiye afunseni a ma braces ngati atalikitsa mizu ya mano awiri a podzadulapo, mpata ukakhalapo chida sichikhudza muzu. Pitaninso kwa dotolo wa nkhama, periodontist, akupimeni opaleshoni isanachitike, pena amayamba atenga kanyama kumwamba kwa m'kamwa nkumata pomwe pali popyapyala. Ndipo ngati mumasuta siyani lero, fodya amachepetsa magazi opita kufupako.

Mfana wa pa Ndirande: Ndiye nzimbe mwatsanzikana nayo sisi 😂

Wobisa dzina: Za mizuyo sanandiuzepo, ndikafunsa Lachinayi. Fodya sindisuta koma hubbly, ija yokoka utsi pa paipi yodutsa m'madzi, pa weekend ndi anzanga, nayonso ikuwerengedwa?

Wa ku dental: Ikuwerengedwa achemwali, ndi fodya yemweyo. Mukawauzenso adokotala anu, musabise.