Allion ya a Zulu tigulitse bwanji?

Mai Sakala, wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya galimoto ya a Zulu ithe sabata ino, kugawana kwa December kwa gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama kwayandikira. Msungichuma yambani ndi manambala, tisakangane za m'maluwa.

Amake Dalitso, msungichuma: A Zulu anatenga K70,000 mu May, chiwongola dzanja 10% pamwezi, ndiye K7,000 mwezi uliwonse. June ndi July analipira. August, September ndi October sanalipire, ndi K21,000 imeneyo. Chindapusa K500 pamwezi, K1,500. Zonse pamodzi K92,500. Masheya awo m'bokosi ndi K11,000. Chikole pa fomu ndi Toyota Allion ya 2008, tinailemba K125,000, white book, buku la umwini wa galimoto, ili kwa ine. Woimira ngongole ndi a Tembo. Ogula alipo awiri. Bambo wina wa ku Chilenje, ku Lusaka, wanena K98,000, anangoiyendetsa pang'ono n'kuikonda. Wogulitsa magalimoto wa ku Kafue Road analowa pansi ndi tochi, atatuluka anati K68,000, osawonjeza ngakhale ngwee.

A Mwale: Ndiye tikukambirananso chiyani? K98,000 ikutseka ngongole yonse, chenji n'kupita kwa a Zulu. Wogula ali ndi maso ake. Sanafunse, ife tiyankhe chiyani?

A Njobvu, a galaja ya ku Matero: A Mwale, imvani kaye zimene zili pa galimotoyo, chifukwa makaniko aliyense amene bambo wa ku Chilenjeyo adzapiteko adzaziona asanamalize n'kusintha oilo komwe. Inagundidwa kutsogolo, mbali ya kumanzere, ndipo mwamphamvu. Mabawuti a boneti ndi a fenda ya kumanzere ali ndi zipsera za sipanala, a kumanja penti yake ya ku fakitale ili bwinobwino. Mpata wa pakati pa boneti ndi fenda uyenera kufanana mbali zonse, mamilimita 3 kapena 4. Kumanja ndi 4, kumanzere ukuyamba 3 kumtunda n'kukathera 9 pafupi ndi nyale. Kachipangizo koyezera penti kakuwerenga kuchindikala kwa ma micron 110 padenga ndi pazitseko za kumbuyo, ndiyo penti ya ku fakitale imeneyo. Pa fenda kakudutsa 900, kusonyeza kuti pansi pali filler, phala lomatira pobonyoka, wochindikala, maginito omwe sakugwira bwino.

Zimenezo ndi za khungu, sizitsitsa mtengo kwambiri. Vuto lili pa mwendo wa chasisi wa kumanzere, chitsulo chija chochokera kuseri kwa bampa kulowera pansi pa injini. Unapindika, anauwotcha ndi gasi n'kuukoka, kenaka n'kuwotchererapo chigamba. Fakitale imawotcherera timadontho tozungulira tofanana, apa pali mzere wa mabampu wopakidwa phula lakuda. Chitsulo chimene chawotchedwa chotero chimafooka, tsiku la ngozi ina sichidzapindika mmene anachikonzera. Tepi ikunenanso zomwezo: kuchokera pakati pa gudumu la kutsogolo kufika pakati pa la kumbuyo, kumanzere kwafupika ndi mamilimita 15. N'chifukwa chake ikukokera kumanzere ukasiya chiwongolero, ndipo tayala la mbali imeneyo ladyeka m'kati pomwe kunja mapanga akadalipo.

A Njobvu: China, ma airbag, matumba a mpweya otetezera anthu pa ngozi, mulibe. Ukatembenuza kiyi, kanyale ka airbag kamayenera kuyaka masekondi ngati 6 n'kuzima pakokha, injini isanalizidwe n'komwe. Aka kakudikira injini ilire, kazimire limodzi ndi ka oilo. Anakalumikiza ku waya wa oilo kuti kazioneka ngati kali bwino. Chivundikiro cha pa chiwongolero ndi chomata ndi guluu, ndipo lamba wa dalaivala ndi wa galimoto ina, chaka cha pa kansalu kake sichikugwirizana ndi cha malamba enawo.

A Zulu: Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera atakonzedwa kale. Musandiweruze ngati ndine ndinapanga zonsezo.

A Phiri: Zoona a Zulu, alipo otero, ndipo pepala la okushoni la ku Japan limawalemba R kapena RA m'malo mwa giredi ya nambala ngati 4 kapena 4.5. Ngati muli nalo litumizeni pano. Koma ntchito imene afotokoza a Njobvu si ya ku Japan. Nyale za Toyota za ku fakitale zimakhala ndi dzina ngati Koito kapena Stanley pagalasi. Ya kumanja ndi Koito ndipo yachita chikasu ndi dzuwa. Ya kumanzere ndi Depo, ya ku Taiwan, yoyera mbee, zomwe zimagulitsidwa m'mashopu a masipeya m'tauni muno. Dzimbiri la pa chigamba nalonso ndi lofiira, lopyapyala, la miyezi yochepa. La zaka limakhala lakuda ndipo limasendeka. Mlembi, zithunzi za tsiku lolemba fomu muli nazo?

Mai Lungu, mlembi: Ndatumiza zinayi pamwambapo. Onani chachiwiri. Mu May nyale zonse ziwiri zinali zachikasu, bampa inali ndi kokanda pakona. Lero kokandako palibe.

A Zulu: Dalaivala amene ankaiyendetsa pa Yango, taxi zoitanitsa pa foni zija, anagunda nayo mu August. Inshuwalansi inali ya third party. Ndalama zobwezera ngongole ndi zimene zinapita kokonzetsa.

Mai Sakala: Zikomo ponena. Zikanamveka mu August bwenzi pano tili pena.

A Tembo: Ndiye ine mundichotsemo. Ndinasainira ngongole yokhala ndi chikole cha K125,000, osati chigoba ichi. Komanso gulu ndi limene linalola kuti chikole chizigwira taxi usana ndi usiku popanda comprehensive, inshuwalansi yolipiranso galimoto yako ikaonongeka. Third party imalipira amene wagundidwa, galimoto yako siiona. Komiti sinadziwe zimenezo? Musandisenzetse katundu wa komiti.

Amake Dalitso: A Tembo, fomu munasaina ikuti woimira adzalipira chotsala wobwereka akalephera. Sikutchula mtengo wa chikole.

A Tembo: Sikutchulanso kuti komiti izigona.

A Mwale: Mwaonatu? Mikangano yonseyi ikutha ndi K98,000. Palibe chotsala, palibe woimira.

Mai Lungu: A Mwale, mlandu suwola. White book ili kwa msungichuma, koma dzina lili m'menemo ndi la a Zulu. Kusunga bukulo sikutipatsa umwini. Wosaina kalata yogulitsira ndi iwowo, ife timasaina ngati mboni, ndalama n'kulowa mu akaunti ya gulu. Bambo uja akadzadziwa za ma airbag adzatsata ndalama zake kumene zinalowa, ndipo zithunzi ndi mauthenga onsewa ndi umboni woti tinkadziwa. Angapite kukhoti, kapena kupolisi n'kunena kuti tinamudyera ndalama mwachinyengo. Zikadzachitika mu February titagawana kale, K98,000 yobweza idzachokera m'thumba la yani? Ndipo munthu adzakweza ana ake akukhulupirira kuti ma airbag alimo.

Mapepala nawo ali ndi zake. Posintha umwini ku RTSA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, galimoto imaonedwa, ndipo nambala ya chasisi ndi ya injini ziyenera kufanana ndi za mu white book, apolisinso amaona manambala omwewo. A Njobvu, moto unafika pa nambala? Chachiwiri, tifufuze ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani. Chiyambire lamulo la 2016 la chikole cha katundu wosunthika, kuli kaundula wa zikole. Ife sitinalembetse chathu. Ngati wobwereketsa wina analembetsa galimoto yomweyi, ali patsogolo pathu pa ndalama zake.

A Njobvu: Nambala zonse zili bwino, moto sunafikeko.

A Zulu: Kulibe kwina kumene ndinaipereka chikole. Fufuzani.

Mai Banda: Nanga tikaikonza bwinobwino, siingabwerere ku K125,000?

A Phiri: Siingabwerere. Galimoto imene chasisi chake chinakhudzidwa imataya mtengo kawiri. Koyamba ndi ndalama zokonzera zimene zatsala, wogula amazichotsa. Kachiwiri ndi mbiri, ndipo imeneyo siichoka ngakhale ntchito ikhale yabwino chotani, chifukwa wogulayo akudziwa kuti naye podzagulitsa adzamutsitsa. Mitengo imene tafunsa ndi iyi. Ma airbag awiri akale, kompyuta yake, malamba awiri ndi dashibodi, poti ya pasenja imang'amba dashibodi potuluka, K16,000. Kudula chigamba, kuika mwendo wina wa chasisi ndi kukoka pa makina oyezera, K11,000. Matayala awiri ndi alayimenti, K3,000. Ndi K30,000, ndi masabata atatu kapena anayi pagalaja. Ikatha, wogula wouzidwa zoona angapereke mwina K100,000. Mmene ililimu angapereke K80,000 mpaka K85,000, chifukwa injini ya 1NZ ndi giyabokosi sizinakhudzidwe, siikutentha, ndipo masipeya ake ali paliponse. Tiike K30,000 ya mamembala kuti tipeze K20,000? Ayi. Kuiphwasula n'kugulitsa zidutswa ndiye musakuganize n'komwe, injini imapita msanga koma zitseko ndi mipando zimakhala pabwalo mpaka mvula ithe.

Wa ku Kafue Road sanatinyoze, wachotseratu phindu lake. Amene angatipatse zambiri ndi wogula woti aziyendera yekha, makamaka makaniko kapena wa panel beating amene ntchito ya K30,000 angaigwire ndi theka. Poilengeza tilembe zonse: inagunda kutsogolo kumanzere mu August, chasisi chinawotchereredwa, ma airbag mulibe. Zithunzi za pansi tiikepo, kuti wobwera asadzayambe kutsitsa ngati watulukira chinsinsi. Waya wa kanyale ka airbag ubwezeredwe m'malo mwake, kaziyaka. Mawu omwewo alowe m'kalata yogulitsira, wogula asaine pansi pake, kope limodzi likhale kwa mlembi.

A Mwale: Ndiye titaye K18,000 dala?

A Phiri: Bambo wa ku Chilenje timuuze ndiye woyamba. Akamva zonse n'kunena K85,000, ndi yake.

Amake Dalitso: Masamu ake ndi awa. Road tax inatha mu September, kuphatikiza kufufuza ku PACRA ndi kukonza waya, tiyerekeze K2,000, iwonjezedwe pa ngongole, ikhale K94,500. Ikagulidwa K80,000 patsala K14,500, tikachotsa masheya a a Zulu patsala K3,500. Ikapita K68,000 patsala K26,500, kuchotsa masheya K15,500. Ndikupempha chiwongola dzanja chiime pa 31 October, apo ayi tizingolemba manambala amene palibe adzalipire.

Mai Banda: Kuimitsa chiwongola dzanja ndikukana. Ena tinalipira chathu chonse movutika. Wobisa ngozi ndiye apepukidwe?

Mai Sakala: Chindapusa sichikuchotsedwa, masheya awo akupita onse, ndipo chaka chamawa sabwereka. Sikupepukidwa kumeneko. Pa a Tembo, mfundo yawo ya inshuwalansi ili ndi mutu, koma siginecha ndi yawo. Maganizo anga: chotsala alipire a Zulu pofika 31 January. Akalephera, theka lichoke pa masheya a a Tembo, theka gulu lisenze. Pogawana tisunge K7,750 ya a Tembo mpaka tsikulo, kapena yocheperapo malinga ndi mmene igulidwire. Galimoto ilengezedwe K88,000, osatsika pansi pa K80,000, masiku 14. Akatha popanda wogula, ipite ku Kafue Road. Ovomera lembani eya.

Mai Lungu: Eya 13, ayi 4, awiri sanayankhe. Zadutsa. Lamulo loti galimoto ya chikole izikhala ndi comprehensive komanso izilembetsedwa ku PACRA ndaliika pa ajenda ya January.

A Tembo: Ayi wanga alembedwe ndi dzina.

Mai Sakala: Walembedwa. A Zulu, galimoto ichoke pa Yango lero. Makiyi onse awiri ndi kope la NRC yanu, chitupa cha unzika, zifike kwa msungichuma mawa isanakwane 10 koloko, galimoto ikagone pagalaja ya a Njobvu ku Matero. A Phiri, muimbireni bambo wa ku Chilenje madzulo ano.