Mtengo wa pawindo pangawu wafa kapena udzaphukanso?

Mlendo_ku_Leeds:

Moni nonse abale anga. Ndine mlendo kuno ku England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo chisanu chino ndi changa choyamba. Ndili ndi funso lomwe kuntchito ndikuchita manyazi kufunsa.

Kuseri kwa nyumba yomwe ndikuchita lendi kuli chimtengo chachikulu. Pomwe ndinkafika chinali chobiriwira, tsamba lililonse lotambalala, logawika zala zisanu kapena zisanu ndi ziwiri. Mu Okutobala chinagwetsa zipatso zaminga, mkati muli njere zofiirira zonyezimira, ana asukulu ankatola mpaka matumba a yunifomu kudzaza. Pofika kumapeto kwa Novembala masamba onse anali mbwee pansi. Lero zangotsala nthambi zokhazokha, zakuda bii.

Ndikaweruka shifiti ya usiku ndimafika kunyumba kukadali chisisira, ndikamadzuka cha m'ma 3 koloko masana dzuwa limakhala likulowa kale. Ndiye mtengowu ndimauona kawirikawiri kuposa munthu wina aliyense. Poyamba unkandimvetsa chisoni, koma pano ndayamba kuukonda. M'mawa wina kunazizira koopsa, nthambi iliyonse inayera mbuu, ngakhale katsonga kakang'onong'ono, kenako kadzuwa kofooka kaja kanawala. Ndinaima pawindo mpaka tiyi kuzizirira m'manja. Gogo wina amene ndimamusamalira amakonda ndimukankhire njinga yake pafupi ndi windo. Akuti nthawi yotentha masamba amabisa zonse, ino ndiye nyengo yomwe mtengo umaoneka mmene unapangidwira.

Komabe mtima wakumudzi ukungondiuza kuti apa pali nkhuni za chaka chathunthu. Kodi udzaphukadi? Nanga inu anzanga munazolowera bwanji kuona dziko lonse lopanda tsamba?

Agogo_a_ku_Glasgow:

Takulandirani mwanangu. Mtengowo uli moyo ndithu. Mmene mwafotokozeramo, umenewo ndi horse chestnut, ndipo njere zomwe ana ankatolazo amazitcha conkers, amaseweretsa atazimanga pachingwe. Chonde musadzayerekeze kukazinga, ndi zapoizoni.

Mawa musanagone valani jekete mutuluke, mukaone kunsonga kwa nthambi yomwe mungathe kuifikira. Mukapeza mphukira zonenepa, zofiirira, zomata chala ngati ulimbo. Pansi pake mukaona kachipsera kokhota pomwe panali tsamba lakale. M'kati mwa mphukirazo muli masamba a chaka chamawa, opindidwa bwinobwino, ndipo mtengo unawakonza nthawi yotentha ija, akale asanayambe n'komwe kugwa. Mu Epulo adzatambasuka, mu Meyi mudzaona maluwa oyera ataimirira njo panthambi iliyonse.

Ine chaka chomwe bambo a ana anatisiya, Disembala anali wautali zedi. Kunyumba kunali zii, kutchalitchi anthu ankandipepesa mpaka ndinatopa nako. Ndinkangopita ku Kelvingrove Park kukayenda pakati pa mitengo yopanda masamba, ndipo kumeneko n'kumene mtima unkakhala pansi. Mtengo wamaluwa umafuna uusangalalire, pomwe wa m'chisanu sukupempha kanthu, umangoima nawe. Mwina ndi ukalamba chabe.

Limbani mtima, tsiku lalifupi kwambiri limakhala cha pa 21 Disembala. Likadutsa limenelo dzuwa limayamba kuchedwa kulowa, pang'onopang'ono. Pofika Febuluwale mudzaona timichira tachikasu tikulendewera pamitengo ya hazel m'mbali mwa njira.

Wa_zankhalango_Zomba:

Achemwali, chomwe mukuonacho munachiona kale kwathu konkuno, kungoti simunkachiyang'anitsitsa. Dutsani ku Mangochi kapena Chikwawa mu Ogasiti. Mlambe umakhala wopanda tsamba n'limodzi lomwe, malambe okha ali lendelende, ndipo palibe mwana wa kumeneko amene anganene kuti wafa. Madzi umakhala utasunga m'thunthu.

Nkhani yake ndi imodzi. Tsamba limataya madzi ambiri. Kwathu kuno mtengo umayoyola chifukwa nthaka yauma, kwanuko chifukwa dzuwa lachepa ndipo madzi akaundana mizu singathe kuyamwa. Koma sungotaya tsamba chitayetaye. Umayamba wakoka chakudya chomwe chili m'tsambamo n'kuchisunga m'nthambi, m'thunthu ndi m'mizu. Kubiriwira kukatha ndi pomwe chikasu chija chimaonekera. Kenako umatseka pakhosi pa tsambalo, mphepo n'kudzamaliza ntchito. Chipsera chomwe agogo akunenacho ndi pamalo potsekedwapo. Komanso mitengo yambiri ya kumeneko, monga ya maapozi, imafuna izizidwe mokwanira kuti idzaphuke bwino. Chisanu chikachepa imaphuka mwa apo ndi apo.

Ine zomwe zimandigwira mtima chaka ndi chaka ndi nkhalango zathu za miombo. Mu Seputembala, kunja kuli gwa, malupsa paliponse, mvula kulibe ngakhale dontho, mapiri amangofiira ndi masamba atsopano a mombo. Chizimalupsa chimadzapeza mitengo itavala kale. Ndiye pali msangu, womwe umachita zosiyana ndi anzake onse. Mvula ikayamba iwo umayoyola, chilimwe chikafika umabiriwira. Alimi a ku Salima amaudziwa bwino, saudula m'munda, chifukwa masamba akewo ndi manyowa, ndipo dzinja lonse sutchinga dzuwa, chimanga cha pansi pake chimachita kuda ndi chonde. Mlendo akauona mu Januwale angaganize kuti ndi wokhawo wouma m'dziko lonse lobiriwira.

Mukafuna kutsimikiza, kandani pang'ono khungwa la kanthambi ndi chikhadabo. Pansi pakakhala pobiriwira ndi ponyowa, uli moyo.

Dalaivala_Manchester:

Mundikhululukire agogo, koma ine kukongolako sindinakuonebe, ngakhale ndakhalitsa kuno. Chomwe ndimaona ndi masamba oola oterera pamsewu ndi galasi la basi lochita nthunzi. Chiperoni chathu chija tinkachinena, koma chikakhala masiku angapo chimachoka, dzuwa n'kutuluka.

Achemwali, nkhwangwa iwalani. Mitengo yambiri kuno ndi yotetezedwa, mukadula popanda chilolezo cha khonsolo ndi mlandu wa chindapusa. China, pawindo pokha sipokwanira. Mukadzuka tulukani kukadali kowala, ngakhale kungozungulira paki. A NHS, omwe ndi a zaumoyo kuno, amalangiza kumwa vitamin D, mamayikulogalamu 10 patsiku, nyengo yonse yozizira, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse. Kufooka kwina timanamizira kupukwa kumudzi pomwe thupi likusowa dzuwa.

Mtengo umodzi wokha ndimaupatsa ulemu, holly. Masamba ake ndi olimba, aminga, obiriwira chaka chonse, ndipo waukazi umabala tizipatso tofiira psuu pakati pa chisanu penipeni. Pali wina pafupi ndi pomwe timakhotera basi, mbalame zimachita kulimbirana.

Inu a ku Zomba mwalongosola bwino, koma musaiwale kutiuza kuti mukulemba zimenezi muli pamthunzi, mango ali m'manja. Disembala uno dengu likuyenda pa zingati kumsika?