Nyama zobwera zikalanda malo, pali njira yozibwezera m'mbuyo?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo pa nkhani yomwe yandisowetsa mtendere. Ndikukonza phunziro la ana pa za nyama zomwe anthu amazichotsa kwawo n'kukazisiya kwina, kenako n'kuswana mpaka kuthana ndi nyama za pamalopo.

Nkhani ya nyanja ya Victoria ndi imene imandiwawa. Nsomba ya Nile perch anaithiramo m'zaka za m'ma 1950, ndipo inadya tinsomba tambirimbiri mpaka mitundu yochuluka inasowa. Popeza Nile perch ili ndi mafuta ambiri, siuma bwino padzuwa, choncho asodzi anayamba kuiwamba pamoto ndipo mitengo yambiri inagwa chifukwa cha nkhuni. Ku Australia nako anabweretsa achule a cane toad mu 1935 kuti adye tizilombo ta m'nzimbe. Tizilomboto sanathane nato, koma njoka ndi ng'azi zomwe zimadya achulewo zimafa ndi poizoni wake. Ndiye palinso mbozi za ntchemberezandonda zochokera ku America, zomwe zinaoneka mu Africa mu 2016.

Funso langa ndi ili: kodi nyamazi zimafalikira msanga chifukwa chosowa adani okha, kapena pali zinanso? Chilumba cha South Georgia, cha m'nyanja ya Atlantic, anachilengeza mu 2018 kuti chilibenso makoswe obwera, koma chimenecho ndi chilumba. Nanga m'nyanja yaikulu kapena kumtunda zingatheke bwanji?

Amene munagwirapo ntchito ya zachilengedwe kapena ya usodzi, chonde ndifotokozereni zomwe munaziona ndi maso.