Kodi Stormers inatenga URC ya 2022 mwamwayi kapena inalidi timu?

Yami_CPT

Abale amene mumatsatira rugby tandithandizeni apa. Ine rugby ndayamba kuyikonda mochedwa, nditabwera kudzagwira ntchito ku Cape Town kuno, ndiye sizoni ya 2021-22 ija ya URC (United Rugby Championship, ligi ya matimu a ku Ulaya ndi a ku South Africa) sindinaionere bwinobwino, ndangoona zidutswa pa YouTube. Anzanga akuntchito ambiri ndi a Stormers, timu ya ku Cape Town kuno, ndipo chaka chimenecho amachinyadira heve, koma pali mkulu wina wochokera ku Pretoria amene amatsutsa, iye akuti Stormers inangotola bango limene Bulls, timu ya kwawo ku Pretoria, inagwetsa mumtengo, eti ntchito yolemetsa anagwira ndi a Bulls pokamenya Leinster ya ku Ireland pa semi ku Dublin pomwe Stormers inangokhala pakhomo kudikira fainolo. Ndiye funso langa ndi limeneli, kapu ija anaitenga chifukwa analidi bwino kuposa onse kapena zinangowayendera? Komanso wina andifotokozereko, matimu a ku Joni anapezeka bwanji mu ligi ya ku Ulaya poyamba pomwe?

Madala_wa_Loftus

Amwene Yami, mkulu wa kuntchito kwanuyo sakunama kwenikweni ngakhale wawonjezera pang'ono. Ine ndine wa Bulls sindibisa, ndiye ndiyankhula mbali yanga.

Muyambe mwadziwa kuti Leinster inali ndani nthawi imeneyo. Ligi ija isanasinthe dzina inkatchedwa Pro14, ndipo Leinster inaitenga kanayi motsatizana, 2018, 2019, 2020 ndi 2021. Timu ya dziko la Ireland pafupifupi yonse imachokera mmenemo. Gemu yathu yoyamba mu URC mu September 2021 tinakakumana ndi iwowo ku Dublin, anatikwapula 31-3, ndipo anthu ankanena poyera kuti matimu a ku South Africa abwera kudzadzaza nambala basi. Ndiye taganizani miyezi ingapo kenako kochi wathu wa nthawi imeneyo Jake White akutenga anyamata omwewo kubwerera ku Dublin komweko pa semi, bwalo la RDS, timu yoti mu kota inali itangomenya Glasgow 76-14, ife nkukawina 27-26. Usiku wa Lachisanu umenewo sindidzaiwala, ma forward athu sanawapatse mpata wopuma, lineout ya Leinster (poponyera mpira mkati ukatuluka kumphepete) inasokonekera, mpira wawo wothamanga uja sunayende chifukwa aliyense akagwira amapeza munthu ali kale pakhosi pake.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Leinster inamaliza nambala 1 pa tebulo, Stormers 2, Ulster 3, ife 4. Leinster ikanatiwina fainolo ikanakachitikira ku Dublin, Stormers ikanakwera ndege. Ife ndi amene tinabweretsa fainolo ku Cape Town, kenako tinakwera ndege ulendo wautali kubwerera kuno thupi lili lofooka, pomwe anzathuwo kota anasewera pakhomo, semi pakhomo, fainolo pakhomo. Ndipo ngakhale zinali choncho pa half time timatsogola 7-3, Harold Vorster atagoletsa try (kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa timu inayo) koyambirira penipeni. Chimene chinatipweteka ndi yellow card ya Cornal Hendricks mu second half. Sindikuti Stormers inaba, ayi, koma njira yawo inali yosalala kuposa yathu, zimenezo palibe angakane.

Yami_CPT

Zikomo madala. Koma kusewera pakhomo si anakupeza chifukwa chomaliza nambala 2? Kapena amachita kusankha mwa maere?

NaPhiri_Bellville

Eya achimwene Yami mwafunsa pomwepo. Palibe maere, womaliza pamwamba pa tebulo ndi amene amalandira mnzake. Matimu ndi 16, anayi a ku Ireland, anayi a ku Wales, awiri a ku Scotland, awiri a ku Italy, anayi a kuno, aliyense amasewera magemu 18 kenako 8 apamwamba amalowa mu kota. Ndiye a Madala akamati njira inali yosalala aziwonjezera kuti njirayo Stormers inalambula yokha kuyambira September mpaka May. Bulls ikanafuna fainolo ya ku Loftus, bwalo lawo la ku Pretoria, ikanamaliza pamwamba pathu, basi.

Ndipo anthu amaiwala komwe timuyi inachokera. Mu October 2021 bungwe la Western Province limene nthawi imeneyo linali eni ake a Stormers linali pamavuto a ndalama ndi mikangano ya atsogoleri mpaka SA Rugby, bungwe loyendetsa rugby m'dziko muno, inalowererapo nkuliika mmanja mwa administrator. Timu inali itangosamuka ku Newlands, bwalo limene makolo a anthu kuno anakulira, kupita ku Cape Town Stadium ya ku Green Point ija inamangidwira World Cup ya mpira wamiyendo ya 2010, ndipo masapota akale ambiri mtima unali usanavomere. Siya Kolisi anali atapita ku Sharks, Bongi Mbonambi nayenso Sharks, Pieter-Steph du Toit ku Japan. Gemu yoyamba tinaluza kwa Benetton ku Italy. Ndani ankawerengera Stormers nthawi imeneyo? Ndalama zinali ku Sharks ndi ku Bulls, kochi wathu John Dobson anatsala ndi anyamata oti ena matimu ena anali atawataya.

Manie Libbok ndiye chitsanzo. Anadutsa ku Bulls, anadutsa ku Sharks, konseko sankamupatsa jezi nambala 10 mokhazikika. Dobson anamupatsa nkumuuza kuti sewera mmene umaonera. Deon Fourie anabwerako ku France ali ndi zaka za m'ma 30, anthu akuti watha, koma pa ruck (polimbirana mpira munthu akagwetsedwa) iye ndi amene ankaba mipira gemu iliyonse. Evan Roos mwana wamng'ono nambala 8 kumangogumula anthu. Kumbuyo Warrick Gelant, Damian Willemse, Leolin Zas amene anagoletsa ma try ambiri kuposa aliyense mu ligi sizoni imeneyo, kutsogolo Steven Kitshoff kaputeni ndi Frans Malherbe pa scrum. Imeneyo si timu yotola.

Za semi ya Ulster ndivomera kuti mtima unali m'mwamba. Tinayamba bwino ma try awiri koma ma conversion (ma kick a pambuyo pa try) onse anaphonya, Ulster nkubwerera kutsogola 15-10, ife nkupatsidwa red card chakumapeto kutsala anthu 14. Nthawi inatha, wotchi ili kofiira, mpira ukangotayika gemu yatha. Ine ndinaonera pa malo ena ake ku Bellville kuno ndi azimayi anzanga, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anavula nsapato nkuzigwira mmanja osadziwa nkomwe kuti wavula, ndipo Gelant atadutsa pakona kupanga 15-15 palibe anakuwa nthawi yaitali chifukwa aliyense ankadziwa kuti Libbok waphonya kale tsiku limenelo ndipo kick ili chakumphepete. Mnyamata uja anaika mpira pansi, kupuma, kumenya, 17-15. Munthu woti tsiku lonse mwendo sukumuyendera kenako nkumenya yomaliza ija, mukati mwayi mukumulakwira.

Kondwa_BT

Pepani kulowerera, ine ndili ku Blantyre ndimaonera pa SuperSport. Funso lachiwiri la Yami palibe wayankha. Matimu anayiwa, Bulls, Stormers, Sharks ndi Lions, ankasewera Super Rugby ndi matimu a ku New Zealand ndi Australia kwa zaka zambiri. Covid itabwera mu 2020 maulendo anaima, a ku New Zealand nkuyamba mpikisano wawowawo, ndipo zinaoneka kuti sakufunanso kubwerera ku dongosolo lakale. SA Rugby inatembenukira kumpoto. Chitseko chinali chotsegula kale chifukwa Cheetahs ndi Southern Kings zinalowa mu Pro14 mu 2017, ndiye anangochotsa awiriwo nkulowetsa akuluakulu anayi, dzina nkusintha kukhala United Rugby Championship. Kings inali itagwa kale ndi ngongole koma Cheetahs ija anailakwira, inali ikuchita bwino ndithu ndipo inafikapo mu ma playoff, mpaka lero anthu a ku Bloemfontein zimawawawa.

Kwa ife oonera kuno kusinthaku kunatikomera. Nthawi ya Malawi ndi ya South Africa ndi imodzi, ya ku Ireland ndi UK timasiyana ola limodzi kapena awiri kutengera nyengo, ndiye magemu amabwera madzulo munthu utaweruka. Za Super Rugby gemu ya ku New Zealand inkabwera mmawa Loweruka anthu tili pa ntchito zina. Chovuta ndi magetsi basi akathima pakati pa gemu.

Pa mkangano wanuwo ine ndili pakati koma ndapendekera kwa achemwali a ku Bellville. Fainolo ija Stormers inawina Bulls 18-13, muiwerenge bwino Yami, try ndi mapointi 5, conversion 2, penate 3, drop goal 3. Stormers ma try awiri, Roos ndi Andre-Hugo Venter, conversion imodzi, penate imodzi, kenako drop goal ya Libbok chakumapeto. Bulls try imodzi yokha ya koyambirira ija ndi conversion yake, kuchoka apo mapenate awiri basi. Timu yoti yagoletsa try mphindi zoyamba nkukhala gemu yonse osadutsanso mzere singanene kuti inaberedwa ndi ulendo wa ndege wokha.

Tiya_Dublin

Moni nonse, ndiyankhuleko monga munthu amene ndimakhala pakati pa masapota a Leinster. Kuno nkhani ija amaiona mosiyana ndi nonsenu. Iwo mtima wawo wonse unali pa Champions Cup, kapu ya matimu akuluakulu a ku Ulaya, ndipo pa 28 May 2022 analuza fainolo ya kapu imeneyo kwa La Rochelle ya ku France 24-21 ku Marseille, try ya mphindi zomaliza. Patangotha masabata awiri ndi pamene Bulls inabwera. Ndiye ena kuno amati timu inali isanachire bala la ku Marseille, koma ine sindimavomera kwenikweni chifukwa pakati pa magemu awiriwo ndi pamene anamenya Glasgow 76 ija, munthu wodwala samenya choncho. Chimene La Rochelle ndi Bulls anachita ndi chimodzi, anthu akuluakulu matupi kutsogolo, kuchedwetsa mpira pa ruck, Leinster ikalephera kuthamangitsa mpira imaoneka timu wamba. A Madala pamenepo ulemu wanu ndi woyenera.

Koma funso loti Stormers ikanawina ku Dublin kapena ayi palibe angaliyankhe, gemu imeneyo sinaseweredwe. Zimene tikudziwa ndi zoti Leinster itapita ku South Africa mu April inasiya mastaa ake kunyumba kuwasungira Champions Cup, inatumiza achinyamata, nkuluza kwa Sharks ndi kwa Stormers komwe. Ndiye matimu awiriwa ali athunthu sanakumane sizoni imeneyo, mpake mkanganowu sutha.

China chimene simunatchule ndi Omicron, mtundu wina wa Covid uja. Kumapeto kwa November 2021 Munster, Cardiff, Scarlets ndi Zebre anali atafika kale ku South Africa kudzasewera magemu oyamba a URC pa nthaka ya kumeneko, nkhani ya Omicron nkuphulika, maiko a kuno nkutseka ndege. Magemu anaimitsidwa, ma player ena a Munster ndi Cardiff anapezeka ndi kachilombo nkutsalira mu hotela ku Cape Town, ena anafika kuno nkulowa quarantine. Ifenso a Malawi tinaikidwa pa red list ya UK, mndandanda wa maiko oletsedwa maulendo, nthawi yomweyo, amene munali ndi matikiti a Khrisimasi mukukumbuka mmene zinawawira. Zotsatira zake magemu aja anawasunthira kutsogolo, ndiye chakumapeto kwa sizoni matimu a ku Ulaya ankabwera ku South Africa motsatizana, kukutentha, ena kukwera ku Pretoria ndi Johannesburg kumene mpweya ndi wochepa chifukwa cha kukwera kwa malo, ndipo ambiri ankabwerako opanda kanthu. Apo ndi pamene matimu a kwanuko anakwera tebulo onse, atatu nkulowa mu top 8. Ndiye ngati pali mwayi wa kalendala, Bulls inadya nawo chimodzimodzi.

Madala_wa_Loftus

Achemwali a ku Dublin apo mwanena zoona, magemu a pakhomo aja anatikweza tonse, ndipo kota yathu ndi Sharks tinapulumukira pa drop goal ya Chris Smith nthawi itatha, 30-27, ndiye nafenso tinadutsa pa kabowo kakang'ono. Koma mayi a ku Bellville musaiwale kuti chaka chotsatira fainolo inabweranso ku Cape Town komweko bwalo litadzaza, Munster nkukuwinani 19-14. Ndiye pakhomo pokha sipawinitsa, ife tinaziona mu 2024 Glasgow itatimenya 21-16 pa Loftus pathu pomwe, ndipo mu 2025 Leinster inatibwezera 32-7 ku Croke Park. Mafainolo atatu opanda kapu, zimapweteka zedi.

NaPhiri_Bellville

Ndiye mwayankha nokha bambo, ngati pakhomo sipawinitsa ndiye pa 18 June 2022 chinawinitsa ndi timu. Ndipo tsiku limenelo bwalo silinadzaze nkomwe, malamulo a Covid ankalola theka lokha, boma linachotsa malamulowo patangopita masiku ochepa fainolo itatha, anthu ambiri amene ankafuna matikiti anaonera panja.

Yami ngati mukufuna umboni wina onani kumene anyamata aja anakathera. Fourie anali man of the match pa fainolo, mwezi wotsatira nkuvala jezi ya Springboks, timu ya dziko la South Africa, koyamba ali ndi zaka 35, palibe anayambapo ali wamkulu choncho. Roos naye anaitanidwa chaka chomwecho, Libbok kumapeto kwa chaka. Mu fainolo ya World Cup 2023 ndi New Zealand, Mbonambi atavulala mphindi zoyambirira, amene analowa kukagwira u hooker pafupifupi gemu yonse mpaka 12-11 ija ndi Fourie yemweyo, munthu woti ku Stormers ankasewera flank. Kitshoff, Malherbe ndi Willemse onse anayamba gemu imeneyo. A Bulls nawo anapereka Kurt-Lee Arendse ndi Canan Moodie, sindikuwamana. Mukapeza nthawi sakani gemu yonse ya Ulster ija osati ma highlights, muyambire pa red card mpaka kumapeto, muwerenge kuti anthu 14 aja anagwira mpira kangati osautaya.