Zilembo za Chijapani zikusanduka madontho akuda pa tsamba la magalimoto

wa_ku_Limbe: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndinakonza tsamba la kasitomala wina amene amaitanitsa magalimoto ogwira kale ntchito kuchokera ku Japan, ndipo sabata iliyonse wogulitsa wa ku Nagoya amatumiza fayilo ya CSV (tebulo lolembedwa ngati mawu wamba) yofotokoza za galimoto iliyonse m'Chijapani. Ndikailowetsa, m'malo mwa mawu pamatuluka timadontho takuda tokhala ndi chizindikiro cha funso pakati. Nditasintha meta charset (mzere wouza msakatuli njira imene zilembo za tsamba zasungidwira) kukhala Shift_JIS, njira yosungira zilembo za Chijapani, Chijapanicho chinaoneka bwino pa kompyuta yanga, koma ŵ wa m'dzina la Malaŵi anawonongeka, ndipo nditaika pa seva madontho aja anabwereranso.

mayi_wa_seva: Achimwene, tsambalo musalisinthe, libwezereni ku UTF-8, njira imene imasunga zilembo za zilankhulo zonse. Shift_JIS ilibe ŵ konse, choncho simungasunge Chichewa ndi Chijapani pa tsamba limodzi mwa njira imeneyo, ndipo muyezo wa HTML wa masiku ano umafuna UTF-8. Chimene madontho anabwerera pa seva n'chakuti sevayo imatumiza Content-Type yakeyake, mutu wa HTTP umene umatchulanso njira ya zilembo, ndipo msakatuli amamvera mutuwo kuposa meta. Ntchito yanu ndi kutembenuza fayiloyo pamene ikulowa, osati kupinda tsamba lonse kuti litsate fayilo imodzi.

wa_ku_Limbe: Zikomo achemwali. Ndayesa pulogalamu yotembenuzira zilembo ya iconv, polemba iconv -f SHIFT_JIS -t UTF-8, koma ikuima pakati pa fayilo n'kunena kuti yakumana ndi chilembo chosadziwika.

kalaliki_wakale: Lembani CP932 m'malo mwa SHIFT_JIS. Fayilo yochokera ku Excel ya ku Japan imakhala mu CP932, mtundu wa Microsoft umene anawonjezeramo zilembo zomwe mu Shift_JIS weniweni mulibe, monga manambala a m'mabwalo ① ② ndi ㈱, chidule cha mawu otanthauza kampani chimene ogulitsa ambiri amachiika pa dzina lawo. Ndikuganiza kuti iconv yaima pa chimodzi mwa zimenezi.

Koma pali msampha wina umene unandidyera masiku awiri athunthu, ndipo ndikufuna muudziwe musanagweremo. Mu Shift_JIS chilembo cha kanji (zilembo za Chijapani zochokera ku Chitchaina) chimatenga ma byte awiri (byte ndi kagawo kamene kompyuta imasungiramo zinthu), ndipo mwa zilembo zina byte yachiwiri ndi 0x5C, imene mu ASCII, njira yosungira zilembo za Chingerezi, ndi mzere wopendekera kumbuyo (\). Zilembo monga 表, ソ ndi 能 zili choncho. Tsono taganizani: wogulitsa walemba 走行可能, kutanthauza kuti galimotoyo ikuyenda, ndipo mawuwo akuthera pa 能 pomwe pakubwera mkodolero wotsekera ("). PHP, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ikawerenga ndi fgetcsv (lamulo lake logawira CSV) fayilo isanatembenuzidwe, imaona mzere wopendekera kenako mkodolero, n'kuganiza kuti danga silinathe, popeza kwa iyo mzerewo umatanthauza kuti mkodolero wotsatira si wotsekera, ndipo imameza mtengo wa galimoto ndi zina zotsatira n'kuziphatikiza pamodzi. Kwa ine zimenezi zinkachitika pa mizere yochepa chabe mwa mazana, n'chifukwa chake ndinachedwa kuzindikira. Tembenuzani fayilo yonse kaye, muigawe pambuyo pake.

wa_ku_Limbe: Bambo, mwalasa. CP932 yadutsa mpaka kumapeto, ndipo mizere itatu imene mitengo yake inkasowa yonse ikuthera pa 可能. Ine ndinkaimba mlandu wogulitsa kuti sanalembe mitengo.

mayi_wa_seva: Muonenso database. Ngati ndi MySQL ndipo matebulo ali pa utf8, dziwani kuti imeneyo imasunga ma byte atatu okha pa chilembo, pamene kanji zina za m'mayina, monga 𠮷, zimafuna anayi. Gwiritsani utf8mb4, imene imasunga ma byte anayi ndipo ilipo kuyambira mu MySQL 5.5.3, pa matebulo ndi pa kulumikizana komwe. Ndiponso muike lang="ja", chizindikiro chosonyeza chilankhulo, pa zigawo za Chijapani, chifukwa Unicode, muyezo umene umapatsa chilembo chilichonse nambala, inapatsa kanji zambiri nambala imodzi ndi zilembo za Chitchaina, ndipo popanda chizindikirocho msakatuli akhoza kusankha kalembedwe ka ku China. Chilembo ngati 直 chimaoneka mosiyana, ndipo Mjapani amaona msanga.

wa_ku_Limbe: Matebulo analidi pa utf8, ndawasintha usiku uno nditasunga kopi. Chatsala n'chakuti kasitomala akufuna kuti tizibwezera wogulitsayo CSV ya magalimoto amene tasankha.

kalaliki_wakale: Mutumizeni UTF-8 yokhala ndi BOM kumayambiriro (chizindikiro chosaoneka chosonyeza kuti fayiloyo ndi UTF-8), apo ayi Excel yake idzaiwerenga ngati CP932 ndipo iyenso adzaona zosawerengeka. Muyambe mwamutumizira mizere isanu kuti atsegule musanamangire njirayo mu pulogalamu.