Chemical Engineering ku MUST, kodi ndi Chemistry yokhayokha?

Mtsikana wa ku Bembeke:
Moni nonse. Ndakhoza MSCE ndipo mafomu a NCHE (bungwe loyendetsa zosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma) akatuluka ndikufuna kuika Chemical Engineering ya ku MUST (Malawi University of Science and Technology) pamwamba. Chemistry ndimaikonda zedi koma masamu ndimangokhoza mwapakatikati. Bambo akuti ndisankhe unamwino poti ntchito yake imaoneka, akufunsa kuti za makemikozo ukagwira kuti kuno ku Dedza? Amene mukudziwa ndithandizeni chonde, mtima uli pawiri.

Wophunzira kosiyi chaka chachinayi ku MUST:
Achemwali dzinalo lisakunamizeni. Ndi zaka 5 ku Ndata ku Thyolo kuja, Chemistry ilipo inde koma chimene chimatidzutsa usiku ndi masamu ndi fiziki, calculus, thermodynamics, fluid mechanics, heat transfer. Ine ndinazimvetsa bwino nditakumbuka agogo anga ku Lizulu akutcheza kachasu, mowa umawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100, nthunzi ya mowa imayamba kukwera, kudutsa mu paipi yozizira nkudonthera mu botolo. Ndi distillation yomweyo imene amachita ku EthCo ku Dwangwa ndi ku PressCane ku Chikwawa popanga ethanol kuchokera ku molasesi, kungoti kumeneko uyenera kuwerengetsa chilichonse, cholowa ndi chotuluka zigwirizane, moto ukufunika wochuluka bwanji, paipi ikhale yaikulu bwanji kuti thanki isaphulike. Kuwerengetsako ndiye kosi yathu. Masamu apakatikatiwo musachite nawo mantha koma muyambiretu pano, algebra ndi trigonometry zikhale m'manja musanafike.

Malume a ku Ntcheu boma:
Mwanangu bambo akowo sakulakwa kufunsa. Ku Dedza fakitale yaikulu palibe, uyenera kuvomera kuchoka pakhomo. Koma ntchito zilipo, shuga ku Illovo Nchalo ndi Dwangwa, simenti ku Shayona ku Kasungu, ma water board amene amathira klorini m'madzi, ngakhale ku Malawi Bureau of Standards. Malo ake si ambiri ngati a anamwino, zimenezo uwauze zoona, ndipo ukapita ku attachment (kuphunzira ntchito ku kampani uli pasukulu) ugwire ndi mtima wonse chifukwa ambiri amaonedwa pamenepo. Za fizi pali ngongole ya ophunzira ya boma, ufunsire msanga.

Mtsikana wa ku Bembeke:
Zikomo achimwene, zikomo malume. Nkhani ya kachasuyo ndiwafotokozera bambo madzulo ano, imeneyo aimva. Buku la masamu la fomu 4 ndinabwereketsa kwa mnzanga, mawa ndikalitenga.