Aircon ya kasitomala ikufuka m'mawa uliwonse, ndiwonjezere gasi?

Gift wa ku Randburg:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kasitomala, mayi wachikulire, ali ndi aircon ya split (ya zigawo ziwiri, cham'nyumba ndi chakunja) ya Midea, mphamvu yake 12000 BTU, gasi wake R410A. Akuti chiyambire June, m'mawa kukamacha makina amaima okha, fani yam'nyumba imasiya kuzungulira, pasikirini pamalemba dF, ndiye kunjako kumafuka ngati utsi. Iwo akuumirira kuti gasi watha. Ine ndafika masana, ndayika pa heat, ikutenthetsa bwinobwino. Ndiwonjezere kapena ndisiye?

A Mbewe:
Mphwanga, botolo la gasi libwezere m'galimoto. dF imeneyo ndi defrost, kutanthauza kusungunula ayisi, pa makina a Gree pamalemba H1. Makina akamatenthetsa nyumba, reversing valve imatembenuza njira ya gasi, ndiye koyilo (timapaipi todutsa gasi) yomwe imazizira ndi yakunja. Usiku wa kuno ku Johannesburg mu June ndi July umaudziwa, kumagwa chisanu, chinyezi chimaundana pa koyiloyo. Makinawo amabwerera okha ku cooling kwa mphindi zochepa kuti ayisi asungunuke, ndipo fani yamkati amaiimitsa dala kuopa kuwauzira mayiwo mphepo yozizira. Chikufukacho ndi nthunzi, si utsi.

Gift:
Ndamva akulu. Chikundikayikitsa n'chakuti akuti zikuchitika pafupipafupi, m'chipinda simufunda n'komwe. Onani chithunzi anajambula m'mawa, ayisi wadzaza kumbuyo konse.

Mai Chisomo wa ku Germiston:
Achimwene, chotuwa chamangidwa ndi chingwecho n'chiyani?

Gift:
Ndi kava ya pulasitiki. Mwana wawo ali ku Canada ndiye anawauza kuti dzinja likafika makina akunja amavindikira. Kutsogolo kwa fani anapinda m'mwamba, koma kumbuyo ndi m'mbali n'kotseka.

Mai Chisomo:
Basi, matenda ndi amenewo. Mpweya umalowera kumbuyo ndi m'mbali, kutsogolo n'kotulukira chabe. Mwanayo sananame, kungoti kumeneko nyumba zambiri zimafunda ndi furnace, ng'anjo yotenthetsera nyumba, makina akunja ndi oziziritsa okha, amagona nyengo yonse yachisanu. Awa akugwira ntchito usiku wonse atatsekedwa mphuno. Chotsani kavayo musanagwire china chilichonse.

A Mbewe:
Ndipo ngakhale makina oziziritsa okha, ine kukulunga thupi lonse ndimakana. Chinyezi chimatsekeredwa mkati, dzimbiri limayamba, makoswe amapeza pofunda n'kuyamba kudya mawaya a pa board. Kasitomala akaumirira, ndimayika kathabwa pamwamba pokha kutchinga masamba, m'mbali ndimasiya. Mkati ndimatsuka mafyuluta, ndimayendetsa pa fan only kwa maola angapo kuti koyilo iume isachite nkhungu, mabatire a rimoti ndimachotsa asatayikire, kenako ndimazimitsa pa isolator, switch yodula magetsi a makinawo.

Yamikani:
Madala, pa isolator pokhapo tisiyana pang'ono. Makina akakhala opanda magetsi miyezi, gasi amakakhazikika mu oyilo wa kompuresa, pampu yopopa gasiyo, makamaka aakulu aja okhala ndi crankcase heater, kahita kofunditsa oyiloyo. Kukatentha mu September kasitomala amangokweza switch n'kudina rimoti nthawi yomweyo, ndiye kompuresa imadzuka oyilo atasungunuka ndi gasi. Mukazimitsa, matani kapepala pa isolator pomwepo kuti adzayatse magetsi dzulo lake, makina adzayendetse mawa lake. Pakamwa pokha amayiwala.

A Mbewe:
Zoona, kapepalako ndikuvomereza. Koma za Gift si zozimitsa, mayiwo akufuna kufunda.

Yamikani:
Eya. Komabe Gift, gasi usamuchotseretu pa mlandu. Akachepa, koyilo imaundananso, kawirikawiri mbali imodzi kapena mizere yochepa, osati thupi lonse ngati pachithunzipo. Ukachotsa kava n'kutsuka, ayisi akabwererabe, yang'ana madontho a oyilo pa ma flare nut olumikiza mapaipi, ikanso mageji oyezera presha ya gasi, uonenso kasensa ka pa koyilo ngati sikanachoke m'malo mwake. Ukapeza podontha, konza kaye, gasi uthire poyeza pa sikelo malinga ndi magalamu olembedwa pa nameplate, osati mongoyerekeza.

Gift:
Ndabwerako. Kava ndachotsa, kumbuyo kwa koyilo ndatulutsa masamba ouma odzaza manja awiri, fumbi ndiye losanena. Ndatsuka ndi hosipaipi, madzi osathamanga kwambiri kuopa kupinda ma fin, tizitsulo topyapyala ta pa koyilo. Mafyuluta am'kati anali bii. Pa ma flare n'pouma, palibe oyilo. Mayiwo ndawafotokozera za dF, akuti aona m'mawa.

Mai Chisomo:
Pansi pa makinawo pali chiyani? Nyengo ino madzi amatulukira kunja, osati mkati.

Gift:
Pali matailosi, njira yopita ku khitchini.

Mai Chisomo:
Ikanipo drain elbow, kachigongono kotulutsira madzi, ndi paipi, madziwo akagwere m'maluwa. Akaundana pa matailosi m'mawa, munthu wachikulire aterereka.

Gift:
Andiimbira m'mawa uno, akuti dF yabwera kamodzi, chipinda chafunda. Elbow yoyenera ndilibe. Alipo ali nayo cha ku Randburg kapena Fourways ndidzatenge madzulo?